Maphunziro a masana kwa mayi aphunzitsi a kufupi ndi Nchalo: zimene ndinaona mwana wanga ali kumeneko

Makolo ambiri a kuno kuchigwa cha Shire amafunsana za malo amene angatumizeko ana awo akaweruka kusukulu, makamaka mwana akayandikira Sitandade 8, ndipo ine ndafunsidwapo kangapo za kumene mwana wanga wamkazi ankapita kuyambira chakumapeto kwa 2022 mpaka pamene analemba mayeso ake. Maphunzirowa, amene anthu ambiri amangowatchula kuti patitaimu, amayendetsedwa ndi mayi wina amene anapuma pantchito ataphunzitsa kwa zaka zambiri m'sukulu za pulayimale za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo amaphunzitsira pakhomo pawo m'mudzi wina wa kufupi ndi Nchalo. Dzina lawo sinditchula, poti sanandipemphe kuti ndiwalengeze, komanso poti ndinena ndi zina zimene sizinandikondweretse.

Chimene chinandichititsa kufunafuna thandizo lapadera sichinali kulephera mayeso, chifukwa mwanayu ankakhoza ndithu moti ankapezeka pakatikati pa anzake. Ndinadzidzimuka tsiku lina madzulo pamene ankaloweza phunziro la sayansi lonena za momwe madzi amakwerera kumwamba dzuwa likawomba. Anandinenera chiganizo chonse cha Chingerezi osaphonya liwu limodzi, koma nditamulozera chitenje cha amayi ake chimene chinali chitauma pachingwe, n'kumufunsa kumene madzi a m'chitenjemo anapita, anangondiyang'ana osadziwa kuti funso langa ndi phunziro lake zinali nkhani imodzi. Aphunzitsi a kusukulu kwake sindiwaimba mlandu. Kuchokera mu 1994, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu za pulayimale, ana anachuluka kwambiri kuposa zipinda ndi aphunzitsi, ndipo munthu mmodzi amene waimirira kutsogolo kwa khamu la ana okhala mothinana pansi sangathe kufunsa aliyense ngati wamvetsa. Chimene angathe ndi kulemba pabolodi kuti ana akopere, ndipo mwana wanga anali katswiri wokopera.

Malo ophunzirirawo ndi chisakasa cha malata chomangidwa kumbali kwa nyumba, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo muli mabenchi anayi, bolodi limodzi ndi bokosi lachitsulo losungiramo mabuku. Ana amene amalandiridwa pa nthawi imodzi sapitirira makumi awiri, a Sitandade 6 mpaka 8, ndipo amakumana masana kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, komanso Loweruka m'mawa. Malipiro a pamwezi pa nthawi imeneyo ankafanana ndi mtengo wa nkhuku imodzi yachikuda pamsika, ndipo makolo ena amene ndalama zinkawavuta ankaloledwa kupereka mapira kapena chimanga akakolola. Tsiku limene ndinapita kukalembetsa mwana, mayiwa anandiuza mawu amene sindinawamvetse bwino panthawiyo. Anati: "Bambo, ngati mukufuna munthu woti azimupatsa mwanayu mayankho oti aloweze, ndikuuzeni lero kuti ine sindichita zimenezo. Ine ndimafuna kuti tsiku limene ine palibe, iye azitha kukhala pansi ndi buku n'kupita patsogolo." Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkaganiza kuti ndi mawu otsatsira malonda chabe.

Chida chachikulu cha mayiwa ndi kope limodzi lotchipa limene mwana aliyense amayenda nalo, limene amalitcha kope la mafunso. M'kopemo salembamo notsi ayi. Mwana amalembamo chilichonse chimene sanamve kusukulu tsiku limenelo, kapena chimene chamudabwitsa panjira, ndipo amene wafika kope lake lilibe funso latsopano amakhala kaye pambali mpaka ataganiza limodzi. Akafika, mayiwa sayankha funsolo nthawi yomweyo. Amayamba amufunsa mwanayo kuti wayang'ana tsamba liti m'buku, kuti wafunsa mnzake uti, komanso kuti iye mwini akuganiza kuti yankho lingakhale lotani, ngakhale litakhala lolakwika. Mwanayo akasonyeza kuti wayesadi, m'pamene iwo amalowererapo, ndipo nthawi zambiri amalowerera ndi funso lina lomufikitsa pafupi ndi yankho. Ndinaonerapo tsiku lina mnyamata wa Sitandade 7 akulimbana ndi samu ya maperesenti. Mayiwa anasiya manambala a m'buku n'kumufunsa kuti bambo ake akagulitsa thonje, wogula n'kuwadula gawo lina la ndalama chifukwa cha ngongole ya mbewu ndi mankhwala, amadziwa bwanji kuti sanaberedwe. Mnyamatayo anawerengera pamchenga ndi kamtengo kwa nthawi yaitali, aphunzitsi ali chete, mpaka anadzuka yekha n'kukalemba njira yonse pabolodi.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti teremu yoyamba inandikhumudwitsa kwambiri. Malikisi a mwana wanga kusukulu anatsika, chifukwa nthawi imene kale ankaithera kuloweza tsopano ankaithera kulimbana ndi mafunso awiri kapena atatu, ndipo masiku ena ankabwera kunyumba akulira kuti aphunzitsi akumukaniza yankho limene akulidziwa. Ndinapita kukadandaula, ndipo ndinalankhula mawu olemera ndithu, kuti ndikulipira ndalama kuti mwana aphunzitsidwe, osati kuti adziphunzitse yekha. Mayiwa sanakwiye. Anatenga kope la mwanayo n'kundionetsa masamba oyamba, pamene mafunso ake anali akuti "tanthauzo la liwu ili n'chiyani", kenaka masamba omalizira, pamene panali funso lakuti n'chifukwa chiyani madzi amasefukira kwathu kuno ngakhale mvula itagwa kutali kumapiri a Thyolo ndi Mulanje, kuno kusanagwe dontho. Anati: "Bambo, mwana amene wafunsa funso ili wayamba kuganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumpatse teremu ina." Ndinabwerera ndisanakhutire kwenikweni, koma sindinamuchotse.

Mbali imene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi ya khalidwe, chifukwa m'pamene ndinaona kuti mphunzitsi amaumba mwana ndi zimene amachita kuposa zimene amalankhula. Loweruka lililonse ana amalemba mayeso aafupi, ndipo akamaliza, mayiwa amasiya pepala la mayankho patebulo n'kupita kukhitchini kapena kumjigo, kuti aliyense achonge yekha ntchito yake ndi kudzilembera malikisi. Nditamva zimenezi ndinaona ngati ndi kusasamala, popeza tonse tikudziwa momwe nkhani ya kubera mayeso yavutira m'dziko muno. Ndipo zoonadi, mwana wanga anagwa m'chiyeso chimenechi. Loweruka lina anafufuta mayankho atatu olakwika n'kulemba olondola, n'kudzipatsa malikisi onse.

Zimene mayiwa anachita ndinazimva kwa mwanayo patapita masabata. Sanamuyalutse pamaso pa anzake, ndipo sanamukwapule kapena kumutumiza kwa ine ndi kalata. Lolemba lake anamuyamikira pamaso pa onse kuti wakhoza samu zovuta, n'kumupempha kuti popeza wazimvetsa, akhale pabenchi la ana a Sitandade 6 n'kuwaphunzitsa samu zitatu zomwe zija. Mwanayo anaima pamaso pa ana aang'ono, choko chili m'manja, osadziwa poyambira. Anzake atapita kwawo, anapita yekha kwa mayiwa n'kuulula. Iwo anangomufunsa kuti: "Mwanawe, malikisi amene unadzipatsa aja akuthandiza chiyani lero?" Kenaka anakhala naye pansi mpaka anamvetsa samuzo, ndipo Lachitatu anamubwezera pa benchi lomwe lija kuti akaphunzitse ana aja, nthawi ino akudziwa chimene akunena. Ine ndikanakhala ine, ndikanathamangira chikwapu, ndipo ndikukhulupirira kuti mwanayo akanangophunzira kubera mosamala kuti asadzagwidwenso. Kuchokera nthawi imeneyo anayamba kubwera ndi mapepala a malikisi otsika osabisa, ndipo ngakhale pa zinthu za pakhomo, monga chenji akamutuma kumsika, tinaona kusintha kumene amayi ake anakuzindikira ine ndisanakuone.

Njira imeneyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo sindikuibisa. Kuimika mwana pamaso pa anzake ndi chinthu chimene sakuchidziwa ndi chilango ndithu, ngakhale chilibe ndodo, ndipo mwana wamanyazi kwambiri angathe kusweka mtima n'kusiya kubwera. Chinathandiza kwa wanga n'chakuti mayiwa anali atamudziwa kale bwino, ndipo sanamusiye m'manyazi ake. Mphunzitsi wina atatengera njirayi popanda chikondi ndi kuleza mtima kumene kunatsatira, zotsatira zake zingakhale zoipa.

Chinanso chimene ana amaona ndi chakuti mayiwa sachita manyazi kunena kuti sakudziwa. Tsiku lina mwana anafunsa chifukwa chimene nthaka ya m'malo ena a kuno imatuwa ndi mchere madzi akaphwa, ndipo iwo anayankha kuti alibe yankho lokwanira, n'kulemba funsolo m'kope lawo la mafunso, poti nawonso ali nalo lawo. Patapita masiku anabwera ndi zimene anafunsa kwa mlangizi wa zaulimi. Tsiku lina analakwitsa samu pabolodi, mtsikana wina n'kuwakonza, ndipo iwo anathokoza mtsikanayo n'kufufuta okha. M'chikhalidwe chathu mwana sakonza wamkulu pagulu, ndipo ndikudziwa makolo amene sangakondwere nazo, koma ine ndinaona kuti ulemu wa ana kwa mayiwa sunachepe. Amawagwadira powapatsa kope monga mwa mwambo, ndipo amatha kuwauza kuti apa mwaphonya. Kiyi wa bokosi la mabuku amasunga ana mosinthana sabata ndi sabata, ndipo wosunga kiyi ndiye amalemba amene wabwereka buku ndi tsiku lobweza. Pa zaka zonse zimene mwana wanga anali kumeneko ndinamva za buku limodzi lokha limene linasowa, ndipo limenelo linapita ndi madzi.

Madziwo ndi a namondwe wa Freddy, amene anafika mu Malichi 2023. Aliyense wa kuno akukumbukira momwe zinalili: Shire ndi mitsinje yotsika m'mapiri inasefukira, misewu inaduka, sukulu zinatsekedwa, ndipo zipinda zambiri zophunziriramo zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, monga zinachitikiranso mu 2015, mu 2019 komanso pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Ife tinasamukira kwa achibale kumtunda, kutali ndi mayi aphunzitsi, ndipo kwa masabata angapo mwana wanga analibe sukulu kapena womuphunzitsa. Pothawa anatenga buku limodzi la masamu limene anabwereka ndi kope lake la mafunso, atazikulunga m'jumbo. M'mawa uliwonse akamaliza kutunga madzi ankakhala pansi pa mtengo n'kugwira tsamba limodzi, ndipo pamene wakanika ankalemba funso n'kupitirira. Patapita masiku ochepa ana ena a pamalopo anayamba kumuzungulira, ndipo ndinamumva akufunsa mnzake funso lomwe lija la aphunzitsi ake, lakuti iweyo ukuganiza kuti yankho lingakhale lotani. Palibe amene anamutuma. Ndinakumbukira nthawi ya mu 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, momwe mwana yemweyu anakhalira miyezi yambiri osagwira buku chifukwa panalibe womulembera pabolodi. N'zoona kuti nthawi imeneyo anali wamng'ono, koma anzake amsinkhu wake amene tinali nawo kumtunda mu 2023 ambiri anali akungodikira kuti sukulu zitsegulidwe. Kwa ife a m'chigwa chino, kumene pafupifupi dzinja lililonse pamakhala masiku amene mtsinje wadzaza moti mwana kapena mphunzitsi sangawoloke, luso lophunzira pawekha ndi lofunika kuposa momwe anthu a kumtunda angaganizire.

Pa nkhani ya chiyankhulo ndinenepo mwachidule. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, pamene ana ambiri a kuno kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja. Mayiwa amalola mwana kufotokoza kaye maganizo ake m'chiyankhulo chimene akuchimva bwino, ndipo akaona kuti mfundo yamveka, m'pamene amamuuza kuti ainene ndi kuilemba m'Chingerezi. Zimenezi zimadya nthawi, koma zimaonetsa msanga ngati vuto la mwana lili pa mfundo kapena pa mawu.

Tsopano ndinene zimene sizili bwino, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zazikulu. Choyamba ndi kutentha. Amene akudziwa Okutobala ndi Novembala wa ku Chikwawa, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, angamvetse chimene chimachitika pansi pa malata opanda siling'i nthawi ya masana. Ana amafika atatopa kale ndi sukulu ya m'mawa, ena asanadye kanthu, ndipo ndinaonapo ena akuwodzera pabenchi. Mthunzi wa nimu umathandiza pang'ono, koma ndowa imodzi ya madzi akumwa siikwanira, ndipo ndinapempha kangapo kuti m'miyezi yotenthayi aziphunzirira panja pansi pa mtengo, koma pempho langa linatsatidwa masiku ena okha. Vuto lina, limene linandidetsa nkhawa kwambiri monga kholo la mtsikana, ndi nthawi yowerukira. Popeza mayiwa safuna kusiya mwana pakati pa funso, nthawi zambiri ankapitirira mpaka dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo ana ochokera kutali ankayenda m'njira zodutsa m'mbali mwa minda ya nzimbe kukuda. Ine ndinkalipira wa kabaza wodziwika kuti azikamutenga, zimene zinawonjezera ndalama pamwamba pa malipiro, koma si makolo onse amene angathe kutero. Mphunzitsi amene amasamala chonchi za khalidwe la ana ayenera kusamalanso za ulendo wawo wobwerera kunyumba.

Mabuku nawonso ndi ochepa, ndipo ena ndi akale moti sagwirizana kwathunthu ndi silabasi imene ikuphunzitsidwa pano. Njira yophunzitsa mwana kufufuza yekha imafuna kuti pakhale pofufuzapo, ndipo pamene ana asanu akudikira buku limodzi la sayansi, nthawi imatayika. Masamu, Chingerezi ndi Chichewa mayiwa amaziphunzitsa mwamphamvu, koma maphunziro ena amawagwira mopepuka. Palinso chinthu chimodzi chimene chinandipweteka ine mwini. Mwezi wina ndinachedwa kulipira chifukwa cha matenda pakhomo, ndipo uthenga wondikumbutsa anaupereka kudzera mwa mwana, anzake akumva. Mwanayo anafika kunyumba ali wamanyazi. Ndinapita kukawauza kuti nkhani ya ndalama ndi ya akuluakulu, ndipo iwo anavomera kuti analakwa n'kupepesa kwa ine komanso kwa mwanayo. Sizinachitikenso kwa ife, koma ndikuzitchula kuti kholo limene likupita kumeneko ligwirizane nawo pachiyambi pomwe za njira yokumbutsirana.

Funso limene aliyense amafunsa ndi la mayeso. Mwana wanga anakhoza, ndipo anasankhidwa kupita ku sukulu ya sekondale yoyendera ya m'dera lathu. Sanasankhidwe ku sukulu yogonera konko monga ndinkafunira, ndipo sindingathe kunena ngati akanasankhidwa akanapita kwa aphunzitsi ena amene amangobwereza mapepala a mayeso akale. Kholo limene latsala ndi miyezi itatu kuti mwana alembe mayeso, ndipo likufuna kuti malikisi akwere msanga, lisapite kwa mayiwa, chifukwa njira yawo imayamba kubala zipatso patapita materemu awiri kapena kuposerapo. Mwana amene sanadziwebe kuwerenga bwino nayenso sangapindule, popeza zonse zimadalira kuti azitha kutsegula buku yekha. Koma amene ali ndi mwana wa Sitandade 6, ndipo angathe kupirira malikisi akatsika poyamba, ndalama zake sizipita pachabe. Kusekondale kumene mwana wanga ali pano aphunzitsi ndi ochepa, ndipo pamakhala maola amene kalasi ilibe mphunzitsi. Iye anandiuza kuti nthawi imeneyo amatenga anzake atatu n'kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi buku, ndipo kope la mafunso akadali nalo, lachisanu tsopano.

Mwana wa mlongo wanga akulowa Sitandade 6 chaka chikubwerachi, ndipo ndapita kale kukamulembetsa. Ndinawauza mayi aphunzitsi kuti ndikumubweretsa pokhapokha atalonjeza kuti ana aziweruka dzuwa likadali m'mwamba, ndiponso kuti ife makolo tisonkhe ndalama zogulira mabuku a sayansi atsopano ndi ndowa yachiwiri ya madzi. Za mabuku ndi ndowa anavomera nthawi yomweyo. Za nthawi yowerukira anati apereka wotchi kwa mwana wosunga kiyi wa bokosi sabata imeneyo, kuti iyeyo ndiye aziimirira n'kuwauza kuti nthawi yakwana.